Anagwa Kapena Amagwa

Zaka khumi ndi zinayi ndinagwira ntchito m'chipinda chosungira mafayilo, pansi pa nyumba ina ya maofesi ku City Centre. Dzina la ofesiyo sinditchula. Kumeneko n'kumene kunkafikira madandaulo a anthu ovulala ali pa ntchito: dalaivala wothyoka nthiti, mlonda wolumidwa ndi galu, mmisiri wogwa padenga. Aliyense ankafuna chipukuta misozi, ndipo aliyense akangolowa pakhomo pathu ankasanduka fayilo. Ntchito yanga inali kuboola mapepala, kuwamanga ndi kachingwe, kulemba nambala pachikuto ndi kuika pashelefu. Si ntchito yofuna digiri, koma ndinkainyadira, ndipo wonditcha mayi wa fumbi sindinkamusiya apite osamva zake.

Chipindacho chinali ndi zenera limodzi lokha, m'mwamba pafupi ndi siling'i. Poti tinali pansi pa nthaka, pazenerapo pankaoneka miyendo yokha ya anthu odutsa panja, kuyambira m'mawondo kutsika. Anthu ambiri a m'nyumbayo ndinkawadziwa ndi nsapato. Kunja dzuwa liswe mtengo, mkati munali movala juzi. Mnzanga amene anatiika limodzi ankati fungo la mapepala limamutseka pachifuwa, ndiye ankangosaina buku m'mawa n'kukwera kukacheza ndi masekiritale. Motero tsiku lonse ndinkakhala ndekha.

Munthu ukakhala wekha malo otere umamva zinthu. Mashelefu achitsulo aja ankalira okha masanasana, ngati wina watsamira kuseri. Nthawi zina envelopu yakale inkatseguka, chithunzi cha mafupa n'kutsetsereka mpaka pansi. Tsiku lina ndinatola chimodzi n'kuchiloza kuzenera kuti ndione nambala yake. Chinali chibade cha munthu, mano onse pamtunda, ndipo miyendo ya anthu odutsa panja inkayenda m'mabowo a maso ake. Nditayang'ana fayilo ndinapeza kuti mwini wake anamwalira kalekale, dandaulo lake lisanayankhidwe. Ndinachibwezera m'malo mwake n'kukasamba m'manja.

Amayi khansala anabwera m'nyengo yozizira. Anali khansala wa dera lina ku Old Town, ndipo tauni yonse inkawadziwa. Asanasankhidwe ankagulitsa zitenje mumsika waukulu, ndipo mawu awo anali akumsika komweko, oti akalankhula pamlatho amveke kudepoti. Amayi a mumsika ndi amene anawakweza, chifukwa nkhani ya ngalande ndi zimbudzi ankailankhula osachita manyazi. Tsopano anali atagwa pamasitepe akukwera kupita kumsonkhano wa makhansala, n'kuthyoka dzanja lamanja ndi kupweteka msana.

Anthu akuluakulu sankatsika kwathu, ankangotuma mesenjala. Koma iwo anatsika okha masitepe onse, dzanja lili m'chikhakha. Pambuyo pawo panali mng'ono wawo, mayi wochepa thupi, wosalankhula, atanyamula chikwama chawo. Ndinaona kuti mng'onoyo sankayang'ana pomwe akuponda. Maso ake anali pamsana pa mkulu wake, manja ali chire ngati munthu wotsatira mwana wophunzira kuyenda.

"Ndinu amene mumasunga?" anandifunsa amayi khansala.

"Ndine, amayi."

Anatulutsa envelopu ya khaki yomata bwino. "Ili ndi lipoti la dokotala. Ndikufuna muike nokha, ine ndikuona. Lisayende m'manja mwa anthu ambiri, chifukwa anthu a m'maofesi inu…"

Anaima pomwepo. Maso anali otsegula, akuyang'ana ine, koma munalibe munthu. Milomo inayamba kutafuna popanda chakudya. Dzanja lamanzere linkatolatola chitenje pabondo ngati akuchotsa chisoso. Mng'ono wawo anasendera mwakachetechete, n'kuwagwira phewa ndi dzanja limodzi, lina n'kukankhira kutali kapu yanga ya tiyi. Kenako anandiyang'ana. Maso akewo anandiuza kuti ndikhale chete, ndipo ndinamvera. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Pazenera panadutsa miyendo ya anthu atatu.

"…mumawerenga zosakukhudzani," anamaliza amayi khansala, ndi mawu omwe aja, ngati palibe chachitika. Anaseka pang'ono. Ine ndinalephera kuseka.

Ndinaboola, ndinamanga, ndinaika pashelefu iwo akuona. Atangotuluka ndinatsitsa fayiloyo n'kuwerenga, monga momwe ananenera. Nkhani ya dzanja ndi msana inali pomwepo. Koma ndime yachitatu dokotala analemba kuti wodwalayu wakhala akumwa mankhwala zaka zambiri, ndipo mwina patsikulo matenda ake ndi amene anamugwetsa. Dzina la matendawo analilemba m'Chingerezi, koma ndinalidziwa. Kwathu timati khunyu. Ofuna kulemekeza amati matenda akugwa. Ndipo munthu wotere sitinena kuti akudwala. Timangotsitsa mawu n'kunena kuti uja amagwa, ndipo aliyense amamva.

Ndili sitandade folo tinali ndi mtsikana wotere m'kalasi. Akagwa tonse tinkathawa, chifukwa ankatiuza kuti akaphwisa iwe n'kupuma mpweyawo, nawenso uyamba. Ankatsala yekha pabwalo, akugunda mutu pansi, ife tili patali titagwira mphuno. Ine ndinali wothamanga kwambiri. Nditakula ndinadziwa kuti zonsezo n'zabodza, kuti ndi matenda a m'bongo ndipo sapatsirana. Koma tsiku lomwelo, envelopu ya amayi khansala nditaigwira, ndinadzipeza ndikupukuta manja pa siketi. Ndinachita manyazi ndekhandekha.

Mawa lake ndinapeza fayiloyo ili pansi. Ndinaibwezera. Mkuja wake inalinso pansi, itatseguka pa tsamba lomwe lija. Shelefu yake inali yopendekeka pang'ono, ndipo ndikudziwa kuti chifukwa chake n'chimenecho. Komabe mafayilo ena a pashelefu yomweyo sankagwa. Ndinaitenga n'kuitsekera m'dilowa ya tebulo langa, kiyi n'kumanga kunsonga kwa mpango.

Nthawi ya masankho inali ikuyandikira. Opikisana nawo anayamba kunena kuti mayi uja sanagwe, akungofuna kudya misonkho ya anthu. Nkhaniyo inayenda m'mafoni mpaka inafika kwa mtolankhani wina. Iye analemba kalata ku ofesi kwathu, kutchula lamulo lija lopatsa nzika mwayi woona mapepala a boma, n'kupempha fayilo yonse.

Abwana anga anali bambo a ku Rumphi, mkulu wa mpingo, munthu woti cholembera akachiika pakona ya tebulo chizipezeka pakona pomwepo. Anandiitana m'mwamba.

"Mama, lamulo ili ndi latsopano, tisalilakwire," anatero. "Uyu ndi munthu wosankhidwa, ndipo akupempha ndalama za boma. Anthu ali ndi ufulu wodziwa kuti wapempha chiyani, anagwa liti, anagwera kuti, anaona ndani. Zimenezo perekani. Koma zomwe dokotala anapeza m'thupi mwake, ayi. Mutseke bwinobwino, ndidzaona ndekha."

Kutseka kuli ndi njira yake, ndipo ine ndinali katswiri. Sulemba pa pepala lenileni. Umayamba wachita fotokope, kenako pa kopeyo umadetsa mawu ndi maka yakuda. Anthu aulesi amathera pomwepo, osadziwa kuti ukaloza pepalalo kudzuwa zilembo zimaonekera pansi pa inki. Ine ndinkadetsa kutsogolo, n'kutembenuza kudetsanso kumbuyo, kenako kopeyo n'kuichitanso fotokope. Yomalizayo ndi imene imatuluka. Yapakati ija ndinkaing'amba tizidutswa n'kuthira madzi. Tsiku limenelo ndinabwereza katatu. Ndinatseka ndime yachitatu yonse, dzina la mankhwala, ngakhale sitampa ya dokotala, poopa kuti wina angadziwe kuti dokotalayo amaona matenda anji. Abwana analoza pepala lililonse kuzenera lawo, n'kugwedeza mutu, n'kusaina.

Mtolankhaniyo anabwera Lachinayi, cha m'ma leveni. Anali bambo wa magalasi, waulemu wake ndithu, nsapato zake zafumbi. Anatsegula mapepala pakauntala yanga n'kuyamba kuseka.

"Madamu, ine ndinapempha fayilo, inu mwandipatsa makala."

"Zomwe lamulo likulola zili pomwepo, achimwene. Tsiku, malo, mboni, chomwe akupempha. Zotsalazo ndi za thupi la munthu."

"Thupi ndi lawo, koma ndalama ndi zathu. Ine ndimakhoma msonkho, inunso amakudulani pa salale. Sitiyenera kudziwa chomwe tikulipirira?"

Apa sankanama. Ndinaonapo anthu akuluakulu akubweretsa malipoti ogula, munthu wa msana wothyoka papepala Loweruka ali kubwalo kuvina paukwati. Pakanapanda anthu ofunsa ngati iyeyu, bwenzi zikungopita choncho. Ndikanakhala wanzeru ndikanamusainitsa buku n'kumutsanzika. Koma anatsamira pakauntala n'kutsitsa mawu.

"Kutauni akuti chikhakha chija amachivula pogona, m'mawa n'kuvalanso ngati wotchi. Tandiuzani pakati pa inu ndi ine, madamu. Anagwadi mayi ameneyu?"

Ine mtima wanga ndi wapachala, amene anakhala nane amadziwa. Ndinaona maso opanda munthu aja, ndi dzanja lotolatola chitenje, ndipo apa munthu akuseka. Magazi anandithamangira kumutu.

"Inu musamaseke zinthu zomwe simukuzidziwa," ndinatero. "Amayi aja amagwa."

Ndinkafuna kunena kuti anagwa. Mulungu ndi mboni, ndinkawaikira kumbuyo. Kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi, ndipo lilime linasankha lokha chomwe mutu unali ukudziwa. Mashini a fotokope, amene ankangolira chapansipansi tsiku lonse, anasankha nthawi yomweyo kuzima. M'chipindamo munangoti zii.

Mtolankhaniyo anasiya kuseka. "Amagwa?"

"Ndati anagwa."

"Eya, madamu. Ndamva." Anapinda mapepala aja mosamala, n'kusaina buku, n'kundithokoza ndi manja awiri. Patapita kanthawi ndinaona nsapato zake zafumbi zikudutsa pazenera, zikufulumira.

Nkhaniyo inatuluka patatha masiku anayi. Sanatchule matenda, sanatchule ine. Mutu wake unali funso chabe: anagwa kapena amagwa? Pansi pake analemba zolongosoka, kufunsa ngati munthu wogwa chifukwa cha matenda ake ayenera kulipidwa ngati wovulala pa ntchito. Funsolo n'labwino, ndi la madokotala ndi maloya. Koma anthu sanafike pansipo. Anajambula mutu wokhawo n'kuyamba kutumizirana.

Madzulo ake m'minibasi yopita kutauni nkhani inali yomweyo. Bambo wina wa jekete yachikopa anati, "N'chifukwa chake zitenje zinkayenda choncho. Anakhwima mayi uja. Kugwako ndiye malipiro ake." Mayi amene anakhala pambali panga anati iye anadya nawo mbale imodzi pamaliro ena, ndipo anatsegula windo n'kulavula. Wina kumbuyo anafunsa kuti munthu wotere angayendetse bwanji dera pomwe thupi lake lomwe likumukanika. Ine, mayi wa pakamwa uja, sindinatsegule pakamwa mpaka kudepoti.

Ndinadikira kuitanidwa, ndipo ndinaitanidwadi. Abwana anali ndi kope yathu ya mapepala aja patebulo. Analozanso lililonse kuzenera, pang'onopang'ono, mpaka lomaliza.

"Kuno sikunatuluke kanthu, mama," anatero. "Ntchito yanu ndi yoyera. Zatulukira kwina izi."

Ndinati zikomo, bwana. Potsika masitepe, ndisaname, mumtima ndinapepukidwa. Ndinali ndi ana awiri kusekondale.

Loweruka lina ndinapita kumsika kukagula tomato ndi utaka, ndipo ndinawaona. Kale amayi khansala akalowa mumsika sankayenda, anthu ankawaunjirira, uyu kuwakoka chitenje, uyu kuwapatsira nthochi. Tsiku limenelo njira inkatseguka yokha patsogolo pawo. Pomwe afika phokoso linkazima, akadutsa n'kuyambiranso kumbuyo kwawo, moti ukanatha kudziwa pomwe ali utatsinzina. Mayi wina anakoka mwana wake n'kumubisa kuseri kwa benchi. Iwo ankayenda mutu uli m'mwamba, akupereka moni kumanja ndi kumanzere, anthu akuyankha maso ali pansi. Mng'ono wawo anali pambuyo monga kale. Ine ndinabisala kuseri kwa mulu wa mabeseni.

Chipani chawo chinaimika munthu wina. Patapita miyezi kunabwera kalata yochokera kwa amayi khansala, yoti dandaulo lija alisiya, ndipo akupempha kuti envelopu ya dokotala ibwezedwe kwa iwo ndi dzanja la mayi amene amasunga mafayilo, osati wina. Abwana anati ndi pempho lachilendo koma palibe lamulo loletsa. Anandipatsa chilolezo cha masana amodzi.

Nyumba yawo inali ku Area 4, yakale, ya malata ofiira, pabwalo pali mtengo wa mango. Ndinamva kuti kale pageti pamenepo pankakhala anthu kuyambira m'mamawa, odzadandaula za malo a mumsika. Ine ndinapeza geti lili pululu, mango akuwolera pansi. Ndinaodira katatu. Anatuluka okha, atachepa thupi, chikhakha atachotsa. Pamkono wamanzere panali bala lamoto lalikulu, lopakidwa mankhwala ofiirira.

"Mbaula," anatero, ataona kuti ndikuyang'ana. "Lowani, amayi. Mukhala pampando, kapena nanunso mumaopa?"

Ndinakhala. Anandipangira tiyi, ndipo ndinamwa. Anatsegula envelopu, n'kuwerenga mapepala ake ngati akwanira, n'kuiika pansi pa nsalu ya patebulo. M'nyumbamo munali zii, kumangomveka wotchi yapakhoma. Ndinafunsa za mng'ono wawo.

"Ndinamubweza kumudzi."

"Chifukwa chiyani, amayi?"

"Odziwa munali atatu. Dokotala, inu, ndi iye. Dokotala wandisungira zaka zonsezi, sangayambe lero. Inu pepala lanu ndinaliona, anandionetsa. Munatseka mpaka sitampa. Ndiye watsala ndani?" Anapukusa mutu. "Analira, anagwada apa, analumbira pa manda a mayi athu. Kuyambira tili atsikana ndi iye amene ankandigwira. Ankadziwa ndisanadziwe ine mwini kuti zikubwera, akangoona maso anga. Munthu woteroyo n'kukandigulitsa. Ndinamuuza kuti pamaliro anga asadzabwere."

Ndinaika kapu yanga pansi. Ndinatsegula pakamwa. Ndisanatulutse mawu ndinaona kuti maso awo achoka. Anali akuyang'ana ine, milomo ikutafuna, dzanja lopsa lija likutolatola nsalu ya patebulo. Panalibe wowagwira phewa. Ndinadzuka, ndinasuntha tiyi, ndinawagwira. Thupi lawo linali lofunda ngati la munthu wina aliyense.

Ndipo ndinanena. Ndinati, "Amayi, ndine. Si mng'ono wanu. Ndine ndinauza mtolankhani uja, lilime linaterereka. Muitaneni abwere." Ndinanena momveka bwino, mawu onse, kumaso kwawo. Ndinkadziwa kuti sakumva. N'chifukwa chake ndinatha kunena.

Patapita kanthawi anaphethira, n'kupuma mozama, n'kuyang'ana dzanja langa paphewa pawo. Anamwetulira motopa.

"Mwandigwira," anatero. "Anthu sagwira. Mumalankhula kanthu?"

Wotchi ija inagunda kangapo. Ndinaganiza za abwana akuloza pepala kuzenera, ndi za ana anga, ndi za momwe maso awa asinthire ndikabwereza.

"Ayi, amayi," ndinatero. "Ndimati tiyi wanu wazizira."

Anandiperekeza mpaka pageti, atandigwira dzanja. Anati m'tauni yonse ino munthu wosunga chinsinsi anapeza mmodzi, ndipo azindipempherera. Kenako anabwerera okha m'nyumba muja, kukasonkha mbaula ya chakudya chamadzulo.